Alimi akamasesa mapu onse m'kanthawi kochepa: kukonza chiyerekezo cha pakompyuta cha kufala kwa ulimi

Aliyense amene anayesapo kulemba pulogalamu yoyerekezera mmene ulimi unafalira pakati pa anthu odalira ulenje ndi kutola zakutchire amalidziwa vuto ili: mukangodina batani loyambitsira, timadontho ta alimi timasefukira mapu onse, ndipo alenje amatheratu zaka zam'pulogalamumo zisanakwane n'komwe 100. Ophunzira a kuno kuchigwa cha Shire amene amabwera ndi ntchito imeneyi pa tchuthi akhala akundionetsa vuto lomweli, ena akugwiritsa ntchito NetLogo, ena Python, zimene ndi zida zolembera mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ambiri amathamangira kuchepetsa nambala ina iliyonse mpaka chithunzi cha pa sikirini chioneke chokoma. Njira imeneyo ndi yofanana ndi kumata dothi pa ming'alu ya khoma pamene madzi akudya maziko. Pulogalamuyo imaoneka ngati yachira, koma mukangosintha mapu kapena malo oyambira, vuto limabwerera, ndipo simungathenso kufotokozera mphunzitsi wanu chimene nambala mwasankhayo ikuimira.

Musanakhudze nambala iliyonse, yambani mwayeza liwiro la funde la alimilo, chifukwa maso amanama. Pa zaka 50 zilizonse zam'pulogalamu, lembani mtunda wochokera pamene alimi anayambira kufika pa malo akutali kwambiri amene ali ndi alimi okwana theka la anthu amene malowo angathe kudyetsa. Zaka zoyambirira zitayeni, popeza funde limakhala lisanakhazikike, ndipo zotsalazo muzijambule pa girafu ya mtunda ndi nthawi. Ngati mzere wake ndi wowongoka, ndiye kuti muli ndi liwiro limodzi loti mulifananitse ndi zimene akatswiri anapeza. Mu 1971 Albert Ammerman ndi Luigi Luca Cavalli-Sforza anaonetsa kuti ulimi, umene unayambira ku Middle East, unafalikira mu Ulaya pa liwiro la pafupifupi kilomita imodzi pa chaka. Mu 2005 Ron Pinhasi, Joaquim Fort ndi Ammerman yemweyo anabwereza ntchitoyi ndi malo ofukulidwa 735, ndipo anapeza liwiro la pakati pa makilomita 0.6 ndi 1.3 pa chaka. Nambala zimenezi ndi za ku Ulaya osati za kwathu kuno, komabe zimathandiza kuona kukula kwa chinthu chimene tikukamba. Pa liwiro limenelo, mtunda wochokera pa boma la Chikwawa kufika pa boma la Nsanje, umene umaposa makilomita 100 ndipo minibasi imaudutsa tsiku lomwelo, ungatenge zaka zoposa 100, ndiye kuti mibadwo inayi kapena isanu.

Pali masamu achidule amene angakuuzeni ngati vuto lili mu kalembedwe ka pulogalamu kapena m'maganizo amene munamangirapo ntchito yanu. Amachokera pa ntchito ya R. A. Fisher ya mu 1937, ndipo amati liwiro la funde ndi v = 2√(rD), pamene r ndi kachulukidwe ka anthu pa chaka akakhala ochepa pa malo atsopano, ndipo D ndi kabalalikidwe kawo. Ngati r ndi 0.03 ndipo D ndi masikweya kilomita 10 pa chaka, liwiro liyenera kukhala pafupifupi makilomita 1.1 pa chaka. Chotsani alenje onse, mapu muwasandutse malo athyathyathya opanda mtsinje kapena phiri, kenaka yendetsani pulogalamu yanu ndi nambala ziwirizi. Ikapereka liwiro loyandikira 1.1, kapena lochepera pang'ono, injini yake ndi yabwino ndipo vuto lili kwina. Ikapereka 5 kapena 11, musapitirire, chifukwa nambala ziwirizi zili ndi eni ake odziwika bwino.

Liwiro lochuluka kasanu limabwera chifukwa chosokoneza chaka ndi m'badwo. Akatswiri akamayeza kusamuka kwa alimi, kawirikawiri amayeza mtunda wa pakati pa malo amene kholo linabadwira ndi amene mwana wake anabadwira, ndiye kuti ndi kusamuka kwa m'badwo wonse. Tiyerekeze kuti mitunda imeneyi mwaichulukitsa uliwonse ndi iwo womwe ndipo avereji yake yakwana masikweya kilomita 1,000. Kuti mupeze D pa mapu a mbali ziwiri, mumagawa nambalayi ndi 4 komanso ndi zaka za m'badwo umodzi. Ngati m'badwo ndi zaka 25, D imakhala 10. Koma ngati tick imodzi, imene ndi sitepe imodzi ya nthawi m'pulogalamu yanu, ikuimira chaka chimodzi ndipo mwalola banja lililonse kusamuka mtunda wa m'badwo wonse pa tick iliyonse, D imakhala 250, ndipo funde limathamanga makilomita pafupifupi 5.5 pa chaka. Liwiro lochuluka kakhumi nalonso lili ndi gwero losavuta: mwalemba 3 pamene mumayenera kulemba 0.03, poganiza kuti kompyuta idziwa yokha kuti mukunena za maperesenti. Onaninso kukula kwa patch imodzi, kamene ndi kabokosi kamodzi ka mapu, chifukwa lamulo loti fd 10, loyendetsa banja kutsogolo ma patch 10, silitanthauza makilomita 10 ngati patch iliyonse ikuimira makilomita 5. Pamenepo banja ladumpha makilomita 50. Lembani pamwamba penipeni pa pulogalamu yanu kuti tick imodzi ndi zaka zingati ndiponso patch imodzi ndi makilomita angati, ndipo nambala zina zonse zizichokera pa ziwirizi.

Ogwiritsa ntchito NetLogo, pulogalamu imene Uri Wilensky anaitulutsa mu 1999, ali ndi misampha iwiri yakeyake. Woyamba ndi woti mapu atsopano amabwera m'mbali mwake muli molumikizana, kotero kuti mlimi amene watulukira kumpoto amatulukira kummwera. Mukaona alimi akuoneka mwadzidzidzi kumapeto a mapu, kumene funde silinafike, lowani mu Settings ndi kuchotsa zizindikiro ziwiri za wrap. Msampha wachiwiri ndi lamulo la hatch, limene limapatsa mwana zonse za kholo lake, kuphatikizapo zaka zakubadwa. Mukaiwala kulemba kuti zaka za mwanayo ziyambire pa 0, khanda limabadwa lili ndi zaka 30, ndipo pa tick yotsatira limasamuka n'kubereka lake. Ngakhale mutakonza zimenezi, funsani ngati ana m'pulogalamu yanu amakhala ndi makolo awo mpaka atakula. Fort ndi Vicenç Méndez anaonetsa mu 1999 kuti kudikira kumeneku, kwa m'badwo wathunthu pakati pa kusamuka kumodzi ndi kwina, kumachepetsa liwiro la funde poyerekeza ndi masamu a Fisher, ndipo ndi mfundo yomveka kwa aliyense amene anakulira m'mudzi, kumene munthu amatsegula munda wakewake pokhapokha atakwatira.

Amene akulemba mu Python, n'kumasunga chiwerengero cha anthu ngati nambala yokhala ndi madesimo pa kabokosi kalikonse ka mapu, akumana ndi zina. Masamu otere amalola kachidutswa ka munthu, mwina 0.0001, kutsogola kutali n'kuyamba kuswana kumeneko, pamene m'moyo weniweni mudzi watsopano umafuna anthu okwanira kugwetsa mitengo, kusula makasu ndi kupeza mabanja. Ikani malire a anthu ochepetsetsa amene angayambitse mudzi, ndipo muona funde likubwerera m'mbuyo pang'ono. Mukaona chiwerengero chikutsika kupitirira 0, kapena mapu akuoneka ngati bolodi la drafti, kabokosi kodzaza moyandikana ndi kopanda kanthu, ndiye kuti nthawi ikudumpha kwambiri. Pa njira yosavuta imene ambiri amayambira, D kuchulukitsa ndi kutalika kwa sitepe ya nthawi, kugawa ndi sikweya ya mbali ya kabokosi, siyenera kupitirira 0.25. Ndi D ya 10 ndi mabokosi a makilomita 5, sitepe ya chaka chathunthu imapereka 0.4, choncho igaweni pakati.

Chinthu chimodzi chimene chimawonongetsa nthawi ndi kuchepetsa chiwerengero cha anthu amene malo angathe kudyetsa, poyembekezera kuti funde lichedwa. M'masamu a Fisher nambala imeneyi mulibe m'liwiro, chifukwa funde limakokedwa ndi anthu ochepa a kutsogolo amene sanayambe kupanikizana. Ikachepa, kumbuyo kwa funde kumakhala anthu ochepa, koma kutsogolo kumayendabe chimodzimodzi, pokhapokha mutaichepetsa mpaka midzi yatsopano izilephera kuima.

Chimene chimasinthadi liwiro, ndipo mochititsa mantha, ndi maulendo ataliatali a anthu owerengeka. Popeza mtunda umachulukitsidwa ndi iwo womwe, banja limodzi mwa mabanja 100 limene lasamuka makilomita 200 limaonjezera masikweya kilomita 400 pa avereji, pamene mabanja 99 otsalawo, amene asamuka makilomita 10 okha, amaonjezera 99. Choncho yang'anani kagawidwe ka mitunda imene pulogalamu ikusankha, osati avereji yokha. Sindikunena kuti maulendo otere achotsedwe onse, chifukwa ku Ulaya komweko ulimi unafala mofulumira m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean kusiyana ndi kumtunda, anthu akuyenda pa madzi, ndipo ndi zomveka kulola bwato kutsika ndi Shire kuchokera kumunsi kwa mathithi a Kapichira kufika ku Chiromo, kumene Ruo amathira. Koma ulendo wautali uzitsata mtsinje, usamadumphe mapiri a Thyolo ngati kuti ndi chulu.

Injini ikakhala bwino koma alenje akutherabe msanga, vuto lili pa lamulo limene munalemba lonena za zimene zimachitika mlimi ndi mlenje akakumana, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Ambiri amalemba kuti mlenje aliyense woyandikana ndi mlimi ali ndi mwayi wa 10 peresenti wosanduka mlimi pa tick iliyonse. Nambalayi imamveka yaing'ono, koma ngati tick ndi chaka chimodzi, alenje oposa theka amakhala atasanduka pakatha zaka 7. Kuonjezera apo, mlenje aliyense wotembenuka amaonjezera chiwerengero cha alimi kutsogolo kwenikweni kwa funde, kumene kuli ngati mwakweza r osadziwa. Mu 2012 Fort anawerengera kuti ku Ulaya mbali yaikulu ya liwirolo, pafupifupi 60 peresenti, inachokera ku kuchulukana ndi kusamuka kwa alimi eni ake, ndipo yotsalayo ku kuphunzira kwa alenje. Pulogalamu yanu iziwerenga padera alenje amene asanduka alimi, amene athawira kwina, ndi amene afa chifukwa malo osakako achepa, poti zinthu zitatuzi pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi, kadontho kakungozimirira, pamene m'mbiri ndi nkhani zosiyana kotheratu.

Umboni wa m'dziko lathu lino ndi umene uyenera kukutsogolerani posankha pakati pa zitatuzi. Alimi oyamba, odziwa kuumba mbiya ndi kusungunula chitsulo, anali atafika cha m'zaka za m'ma 300 Yesu atabadwa, ndipo mapale awo kummwera kuno amadziwika ndi dzina la Nkope, malo a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi kumene Keith Robinson anafukula. Anali mbali ya kufalikira kwa anthu olankhula zinenero za Chibantu, kumene kunayambira kumalire a Cameroon ndi Nigeria. Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Pontus Skoglund ndi David Reich linafalitsa zotsatira za DNA ya mafupa a alenje akale ochokera ku Hora m'boma la Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere m'boma la Dedza, a zaka za pakati pa 8,100 ndi 2,500 zapitazo, ndipo linapeza kuti mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, magazi a anthu amenewa sakuoneka. Zimenezi zikusonyeza kuti chiyerekezo chimene alimi ambiri a kumapeto ali zidzukulu za alenje otembenuka sichikugwirizana ndi umboni umene ulipo. Komabe sizikutanthauza kuti alenjewo anatha tsiku limodzi. Makolo athu ankasimba za Akafula kapena Abatwa amene anawapeza m'dziko muno, ndipo ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006, zojambula zofiira za alenje zili m'mapanga amodzimodzi ndi zoyera za alimi. Malo a alenje onsewa ali ku chigawo chapakati ndi kumpoto, choncho musawakokere kuchigwa kuno ngati kuti anafukulidwa ku Ngabu, koma phunziro lake pa pulogalamu ndi lomveka: payenera kukhala malo amene alenje angakhalitse mibadwo yambiri pambali pa alimi.

Malo oterowo sangapezeke pa mapu amene patch iliyonse ndi yofanana ndi inzake, ndipo apa ife a kuchigwa tili ndi mwayi umene wophunzira wa m'tauni alibe, chifukwa timaona ndi maso kuti dziko silifanana. Pali madimba a m'mbali mwa Shire, amene amalimidwa madzi akaphwera ndipo amapatsa chakudya ngakhale mvula itavuta. Pali mphala, kumtunda kouma kumene mapira ndi mchewere zimadalira mvula yochepa ya kuno. Pali dothi lakuda la makande cha ku Ngabu, limene limamata khasu likanyowa ndipo limang'ambika likauma. Ndiye pali dambo lalikulu la Elephant Marsh, limene linalowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017, komanso la Ndindi kumunsi kwa Nsanje. Mapulogalamu ambiri amapatsa alenje chakudya chochepa chofanana paliponse, pamene munthu amene anaonapo msodzi akuvuula mono wodzaza milamba ndi makakana, kapena amayi ali m'madzi ofika m'chiuno akuzula nyika m'chaka cha njala, amadziwa kuti dambo limadyetsa anthu ambiri popanda khasu. Onjezerani masau, malambe ndi bwemba za kumtunda, ndipo muona kuti mlenje wa m'mbali mwa dambo analibe chifukwa chothamangira ulimi. Gawani mapu anu m'mitundu imeneyi ya malo, uliwonse ukhale ndi chakudya chake cha mlimi ndi cha mlenje, ndipo lamulo la kutembenuka lizidalira kusiyana kwa ziwirizi, komanso lizilola mlimi kubwerera kutchire ndi kudambo pamene munda wakanika.

Samalani ndi zimene mukuthira m'mapuwo. Chimanga ndi chinangwa ndi mbewu zochokera ku America zimene zinafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500, choncho zokolola zake zisalowe m'chiyerekezo cha alimi oyamba. Gwiritsani ntchito mapira, mchewere, mawere ndi khobwe. Mapu a satelaiti a masiku ano amaonetsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi nkhalango zotetezedwa za Lengwe, Majete ndi Mwabvi, zimene malire ake ndi a posachedwapa, kotero ndi bwino kumanga mapu kuchokera pa kukwera kwa malo, mitsinje ndi mtundu wa dothi. Ngati mwapatsa alimi anu ng'ombe, kumbukirani kashembe, amene amapha ziweto m'tchire lotentha la m'zigwa. Chigumula nachonso chisasowe. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 sangavomereze chiyerekezo chimene chiwerengero cha anthu a m'mbali mwa mtsinje chimangokwera chaka ndi chaka popanda chobweza m'mbuyo. Ikani zaka za chigumula ndi za chilala zobwera mosayembekezereka, zimene zimakokolola midzi ya m'munsi kapena kuumitsa minda ya kumphala, ndipo r yeniyeni ya nthawi yaitali itsika yokha popanda inu kuikakamiza.

Mukafika apa, musaweruze pulogalamu ndi ulendo umodzi, chifukwa muli zosankha zamwayi ndipo ulendo uliwonse umatuluka mosiyana. Pofufuza cholakwika, ikani random-seed imodzi, nambala imene zosankha zamwayi zimayambira, kuti zotsatira zizibwerezeka, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Pofuna zotsatira zoti mulembe, gwiritsani ntchito BehaviorSpace, chida cha mu NetLogo, kuyendetsa pulogalamuyo maulendo ambiri ndi ma seed osiyanasiyana, kenaka munene avereji ndi kutalikirana kwa zotsatirazo. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40, kumachititsa laputopu kudzichepetsera liwiro, choncho zimitsani view updates kuti mapu asamajambulidwe pa sikirini nthawi zonse, ikani makinawo pa malo opita mphepo, ndipo ntchito yaitali muziyendetsa usiku. Popeza magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati, pulogalamu izilemba zotsatira mu fayilo pamene ikuyenda, ndipo lamulo la export-world lizisunga mapu onse pakapita ma tick angapo.

Chotsala ndi kufananitsa zotsatira zanu ndi zaka zimene ofukula zakale anapeza, ndipo napo pali pogwera. Zaka za radiocarbon, njira yoyezera ukale wa zinthu monga makala ndi mafupa, zolembedwa ndi zilembo BP zimawerengedwa kubwerera m'mbuyo kuchokera mu 1950, ndipo zikakhala zosakonzedwa sizifanana ndi zaka za pa kalendala. Musasakanize zokonzedwa ndi zosakonzedwa pa girafu imodzi, ndipo pa malo a kummwera kwa equator, monga kwathu kuno, pali mzere wokonzera wakewake wotchedwa SHCal20. Dziwaninso kuti malo akale kwambiri amene afukulidwa m'dera si mudzi woyamba wa m'deralo, koma woyamba mwa imene yapezeka. Kuchigwa kuno mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa chigumula chilichonse chimasiya mchenga ndi matope pamwamba pa zimene zinalipo, ndipo midzi ya m'mbali mwa mtsinje, imene chiyerekezo chanu chingaonetse kuti inayamba msanga, ndi imenenso imakwiririka mozama. Ngati alimi a m'pulogalamu yanu akufika pa malo ena msanga pang'ono, chaka cha radiocarbon cha pamalopo chisanakwane, zimenezo n'zotheka ndipo sizikufuna kukonza. Akamafika pambuyo pa chakacho, pamene mapale ndi makala zikuchitira umboni kuti anthu anali atakhala kale pamenepo, ndiye kuti mwawachedwetsa mopitirira, ndipo muyambe mwayang'ana malire a anthu oyambitsa mudzi ndi kuchuluka kwa zaka za chigumula zimene munaika.